Chigubu chikanunkha dzira lovunda: njala ya yisiti popanga saida

Alamu anga amakhala kuseri kwa Chitakale, pomwe minda ya tiyi imathera n'kuyamba nyumba za anthu. Mwezi wa Okutobala chaka chatha anandiimbira foni m'mamawa. "Alamu, tabwerani mudzanunkhize chigubu changachi. Kaya mwafera khoswe, kaya n'chiyani." Ndinapita. Chigubu cha malita 20 chinali pakona m'chipinda chosungira katundu, pakamwa pake atatseka bwinobwino, kapaipi kochokera pachitsekerero katamira m'botolo la madzi kuti mpweya uzituluka koma usamalowe. Pamenepo anakhoza. Koma nditangosendeza mphuno, fungo linandibweza m'mbuyo: dzira lovunda lenileni. Khoswe munalibe. Munali madzi a maapozi opangira saida (mowa wa maapozi) amene anafinya masiku anayi m'mbuyomo, madzi a pampopi owonjezera kuti chigubu chidzaze, shuga makilogalamu 2, ndi yisiti amene ankafa ndi njala pakati pa shuga yenseyo.

Mawu oti njalawa angakudabwitseni. Ambirife yisiti timamuona ngati ufa wotupitsira mandasi, ndipo timaganiza kuti ukampatsa shuga wathana naye. Komatu yisiti ndi chamoyo, kafangasi kosaoneka ndi maso kamene akatswiri amakatcha Saccharomyces cerevisiae. Louis Pasteur wa ku France ndiye anaonetsa, cha m'ma 1857, kuti kuwira kwa mowa ndi ntchito ya tamoyo timeneti. Ndipo chamoyo chilichonse chimafuna chopatsa mphamvu komanso chomanga thupi. Shuga ndi nsima: amakhutitsa, amapatsa mphamvu, koma mwana sakula ndi nsima yokhayokha. Ndiwo za yisiti ndi nayitrojeni, kuphatikizapo timavitamini ndi timchere tochepa. Yisiti wouma wa m'kapaketi uja, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo mapuloteni sapangika popanda nayitrojeni.

Ukathira yisiti m'madzi a zipatso, ntchito yake yoyamba si kupanga mowa ayi, ndi kuswana. Masiku awiri kapena atatu oyambirira, kaselo kalikonse kamatulutsa kamphukira, kamphukirako n'kuthothoka kukhala kaselo kena, mpaka m'kadontho kamodzi mumadzaza tamoyo mamiliyoni. Kaselo katsopano kalikonse kamafuna khungu lake, ndipo pakhungupo pamakhala timakomo todutsira shuga. Timakomoti n'topangidwa ndi mapuloteni, timatha ntchito, timafuna kusinthidwa. Nayitrojeni akapereŵera, gulu la yisiti limakhala laling'ono, timakomo towonongeka sitibwezeretsedwa, ndiye shuga ali pompo koma alibe polowera. Apa m'pamene chigubu chimangoti zii pakati panjira. Thovu latha, kubwata kwa m'botolo kwaleka, koma ukalawa mukadali kutsekemera ngati Sobo. Wosadziwa amati zapsa, n'kuthira m'mabotolo, n'kutseka. Kukatentha, yisiti wotsala uja amadzambatuka m'botolo lotseka, ndipo usiku wina mumangomva phuu kukhitchini.

Azakhali anga, amene afulula masese kuyambira ndisanabadwe, nditawafotokozera zimenezi anaseka mpaka kugwetsa misozi. "Mwanawe, ine zaka zonsezi sindinagulepo chakudya cha yisiti. Mowa wanga unayamba wakanapo kuwira?" Sunakanepo, ndipo akunena zoona. Kungoti chakudyacho amathira tsiku lililonse osachitcha dzinalo. Ndi chimera. Mbewu ya mawere kapena chimanga ikamamera, imaphwanya mapuloteni ake kuti idyetse kamphukira, ndipo tizidutswa ta mapuloteni timeneti, totchedwa ma amino acid, ndi ndiwo zenizeni zimene yisiti amakonda. Mumakhalanso mavitamini a gulu la B. N'chifukwa chake thobwa ukangolisiya masiku angapo limasasa lokha mosanyengereredwa. Mowa wa chimera umabadwira pankhokwe. Saida amabadwira panjala.

Kwawo kwa saida ndi kumadzulo kwa England, madera a Somerset ndi Herefordshire, ku Normandy ndi Brittany ku France, ndiponso ku Asturias ku Spain. Ife tinamudziwira m'mabotolo ochokera ku South Africa, a Savanna ndi Hunter's. Kulikonseko vuto la maapozi ndi limodzi: chipatsochi n'chosauka nayitrojeni. Opanga vinyo amayeza nayitrojeni amene yisiti angathe kudya, amene mwachidule amalemba kuti YAN, ndipo mlingo umene ambiri amayendera ndi woti pamafunika mamiligalamu osachepera 140 pa lita kuti madzi a mphesa awire mpaka kumapeto popanda chovuta. Madzi a maapozi kawirikawiri safika n'komwe 100, ndipo ena amakhala pansi pa 50. Mtengo wothiridwa feteleza umabereka zipatso zokhala ndi nayitrojeni wochulukirapo. Mtengo wakale wongodzikhalira kuseri kwa nyumba umabereka zosauka. Chopulumutsa saida n'choti shuga wa m'maapozi nayenso ndi wochepa poyerekeza ndi wa mphesa. Madzi a maapozi osasakaniza kanthu amatulutsa mowa wa maperesenti 5 mpaka 7, choncho ntchito ya yisiti imakhala yopepukirapo, ndipo nthawi zina kanayitrojeni kochepako kamakwanira.

Ifeyo ndi amene timaipitsa zinthu, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Maapozi kuno n'ngodula. Ambiri amene timawaona pa Bvumbwe kapena ku Limbe ayenda ulendo wautali kuchokera ku South Africa, ndipo kuti ufinye malita 20 umafuna maapozi makilogalamu 30 kapena kuposa. Ndani angakwanitse? Ndiye munthu amafinya malita 10, n'kudzazitsa ndi madzi, n'kuthira shuga kuti mphamvu ibwerere. Taganizani zimene zachitika pamenepo. Madzi aja agawa pakati nayitrojeni amene anali wochepa kale. Shuga woyera wa m'paketi mulibe nayitrojeni ngakhale pang'ono, koma wawonjezera ntchito: magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita amatulutsa peresenti imodzi ya mowa, choncho makilogalamu 2 a alamu aja m'malita 20 anali ngati kulamula yisiti kuti alimenso ndime ina ya maperesenti pafupifupi 6. Ndime yakula, phoso lachepa. Amene amapanga vinyo wa nanazi wa kuno ku Mulanje kapena wa nthochi za ku Thyolo mosungunula ndi madzi ambiri ndi shuga amagwa m'mbuna yomweyi, ngakhale chipatso chili china.

Nanga fungo la dzira lija limachokera kuti? Pa ma amino acid amene yisiti amafuna, pali awiri okhala ndi salfa, methionine ndi cysteine. Akasowa m'madzimo, yisiti amawapanga yekha. Amatola salfa amene ali m'madzi a zipatso, n'kumusandutsa mtundu wina wotchedwa sulphide, kenako n'kumulumikiza pa kachimango kopangidwa ndi nayitrojeni. Zili ngati kuumba njerwa mbali ina pamene mbali ina akukumba maziko. Nayitrojeni akatha, maziko palibe, koma oumba njerwa sanauzidwe, akungoumbabe. Sulphide wopanda pokhala uja amatuluka m'selo ngati mpweya wa hydrogen sulphide, womwe uja wa dzira lovunda, ndipo mphuno ya munthu imaugwira ngakhale uli wochepetsetsa. Ubwino wake ngwoti mpweyawu umauluka msanga. Ukaugwira tsiku lomwelo, n'kutakasa kapena kutsanulira m'chigubu china mothovola, wambiri umachoka. Ukauchedwera milungu, umagwirizana ndi zinthu zina n'kusanduka fungo la kabichi wowola, anyezi kapena tayala lopsa, ndipo limenelo kulichotsa ndi nkhondo.

Nayitrojeni si yekha. Pali vitamini B1, dzina lake thiamine, amene yisiti amamufuna pa sitepe yeniyeni yosandutsira shuga kukhala mowa. Amafunika wochepa zedi, mamiligalamu 0.2 pa lita akwana, kutanthauza mamiligalamu 4 okha m'chigubu chonse cha malita 20. Koma amasowa mosavuta pa zifukwa ziwiri. Yisiti wakuthengo ndi nkhungu zimene zimabwera ndi zipatso zimamudya mwachangu madziwo akangokhalitsa. Komanso mapiritsi a Campden, amene anthu amathira kuti aphe tizilombo asanaike yisiti, ali ndi sulphite yemwe amaphwanya thiamine. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene wothira Campden amadikirira maola 24 asanaike yisiti ndi chakudya chake. Palinso mavitamini ena awiri, biotin ndi pantothenic acid; wachiwiriyu akapereŵera, fungo la dzira limatha kubwera ngakhale nayitrojeni alipo wokwanira. Ku Long Ashton, pafupi ndi Bristol, kunali malo ofufuzira za zipatso ndi saida kuyambira 1903 mpaka 2003, ndipo zambiri zimene opanga saida amatsata lero pa nkhani ya sulphite ndi kadyedwe ka yisiti zinakhwimira kumeneko.

Chakudya china chimene anthu amachiiwala chifukwa n'chaulere ndi mpweya wa okosijeni. Tinaphunzitsidwa kuti mpweya ndi mdani wa vinyo, umamusandutsa viniga. N'zoona kumapeto, osati poyamba. Tsiku loyamba ndi lachiwiri yisiti amafuna okosijeni kuti apange mafuta olimbitsa khungu lake, ndipo khungu lolimbalo ndi limene lidzamuteteze mowa ukamakwera. Choncho musanatseke chigubu, chikhutchumuleni mwamphamvu mphindi zingapo, ndipo mawa lake mutakasenso ndi mthiko wowiritsa. Kuwira kukangokhazikika, tsekani, mpweya usalowenso.

Tsopano za m'mapaketi. M'masitolo a kuno simudzazipeza mwachisawawa. Ambiri amatuma abale a ku Joni kuti awatumizire pabasi limodzi ndi yisiti wa vinyo. Chodziwika kwambiri ndi DAP, diammonium phosphate, kamchere koyera konga shuga. Magawo 21 pa 100 alionse a kulemera kwake ndi nayitrojeni, choncho galamu imodzi pa lita imapereka mamiligalamu pafupifupi 210. Masamu ake ndi osavuta. Ngati madzi anu akupereŵera ndi mamiligalamu 80 mpaka 100 pa lita, mukufuna magalamu 0.4 mpaka 0.5 a DAP pa lita, omwe ndi magalamu 8 mpaka 10 m'malita 20. Amenewo ndi masupuni a tiyi awiri osefukula, osati odzaza ngati phiri. Kwa chigubu cha malita 5, theka la supuni. Malamulo a vinyo ku Ulaya salola kupyola galamu imodzi pa lita, ndipo wopanga saida wapakhomo alibe chifukwa choyandikira malire amenewo. Mtundu wachiwiri ndi wopangidwa kuchokera ku yisiti wakufa, wophwanyidwa kuti za m'kati mwake zituluke, monga Fermaid O wa kampani ya Lallemand ya ku Canada. Umenewu nayitrojeni wake ndi wochepa pa galamu, koma uli ndi ma amino acid, mavitamini ndi mafuta aja, ndipo yisiti amaudya modekha. DAP ali ngati tiyi wa shuga wambiri, amadzutsa msanga n'kutha msanga. Yisiti wakufa ali ngati nyemba. Mapaketi ambiri olembedwa kuti yeast nutrient ndi osakaniza ziwirizi, ndipo mlingo wake umalembedwa kuseri. Werengani pamenepo, musiye wanga.

Nthawi yothirira ndi yofunika kuposa mtundu wake, ndipo mlimi aliyense wa chimanga izi amazidziwa kale. Feteleza wokulitsa ali ndi nthawi yake, wobereketsa ali ndi yake, ndipo wothira chimanga chitamasula ngaiyaye wangotaya ndalama. Gawani chakudya cha yisiti pawiri. Theka loyamba lithireni kuwira kukangoyamba, thovu likaoneka, lomwe nthawi zambiri ndi tsiku lotsatira mutaika yisiti. Theka lachiwiri lithireni shuga atatha gawo limodzi mwa magawo atatu. Amene ali ndi kachipangizo koyandama koyezera shuga kotchedwa hydrometer angaone bwino: ngati munayambira pa 1.050, thirani pofika cha pa 1.035. Wopanda kachipangizoka awerenge masiku awiri kapena atatu kuchokera pamene kuwira kunayamba, nyengo yotentha asadikire kwambiri. Shuga akatha kupitirira theka, lekani. Mowa ukachuluka yisiti amalephera kumeza nayitrojeni, ndipo wotsalayo amakhala phwando la mabakiteriya ndi yisiti wakuthengo amene amawononga kakomedwe m'miyezi yotsatira.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimene zaliritsa anthu. Choyamba, musathire DAP m'kapu ya madzi ofunda imene mukudzutsira yisiti wouma. Pa nthawi imeneyo khungu lake limakhala lotayirira, ndipo mcherewo umamupha. Madzi oyera a madigiri 35 mpaka 40, mphindi 15, basi. Chachiwiri, musawaze ufa wouma m'chigubu chimene chikuwira. Mpweya wosungunuka m'madzimo umatulukira pa kanjere kalikonse nthawi imodzi, thovu n'kusefukira mpaka pakhomo. Sungunulani kaye m'madzi owiritsa pang'ono, mutakase chigubu pang'onopang'ono, kenako muthire.

Tili pompo pachigubu, alamu anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera. "Ngati nkhani ndi nayitrojeni, alamu, thumba la yuriya lili pakhondepo. Supuni imodzi ingalakwe chiyani?" Apa ndiye ndikane mwamphamvu. Yisiti amathadi kudya yuriya, ndipo kale opanga vinyo ena ankamugwiritsa ntchito. Anasiya atazindikira kuti yuriya wotsala amagwirizana ndi mowa n'kupanga ethyl carbamate, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Dziko la Canada linaika malire a mankhwala amenewa m'zakumwa mu 1985, ndipo mu 2007 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linawaika m'gulu la zinthu zimene mwachionekere zingayambitse khansa mwa anthu. Samveka fungo, samveka pakamwa. Nawonso DAP wa m'thumba la feteleza si yemwe uja wa m'chakudya ngakhale dzina lili limodzi. Wa kumunda sayeretsedwa kuti munthu amwe, ndipo miyala ya phosphate imene amapangira imatha kukhala ndi zitsulo zapoizoni monga cadmium. Timamva za ena otcheza kachasu amene amathira feteleza m'mgolo kuti uwire msanga. Umawiradi msanga. Amene amalipira ndi omwa.

Wopanda m'bale ku Joni asataye mtima. Tengani kapaketi ka yisiti wa buledi ka magalamu 10, kawiritseni m'kapu ya madzi mphindi 10 kuti afe, muziziritse, muthire m'malita 20. Mwapereka mavitamini, mafuta a khungu, ndi makoko a maselo amene amayamwa tizinthu tina tolepheretsa yisiti wamoyo kugwira ntchito. Nayitrojeni wake ndi wochepa, sangafanane ndi DAP, koma kwa madzi a maapozi osasungunula nthawi zambiri amakwanira kuwolotsa. Madzi a chimera owiritsa ndi kusefa amathandizanso, kungoti amabweretsa kakomedwe ka thobwa ndi chimtambo chosatsika. Wina amakonda, ine ayi. Mphesa zouma zimene anthu amalimbikitsana pa Facebook ndi nthano chabe: kadzanja kamodzi m'chigubu chonse kamapereka shuga, nayitrojeni wake sawerengeka. Ndipo ngati mukugwiritsa ntchito juwisi wa m'sitolo, werengani pabokosi. Mukaona potassium sorbate kapena sodium benzoate, bwezani pashelefu. Amenewo anaikidwamo dala kuti yisiti asaswane, ndipo palibe chakudya chimene chingamudzutse.

Pali anthu odziwa saida kuposa ine amene angatsutse nkhani yonseyi, ndipo ali ndi mfundo. Ku Normandy ndi kumadera ena a England amachita kumulanda dala yisiti chakudya. Amasiya madzi a maapozi pozizira mpaka pectin, chonata cha m'chipatso, agwirane ndi calcium n'kuyandama pamwamba ngati chipewa chofiirira, chitanyamula nayitrojeni wambiri. Amakoka madzi oyera a pansi pake, ndipo yisiti wanjala uja amawira mwakachetechete miyezi yathunthu n'kutopa shuga asanathe. Zotsatira zake ndi saida wotsekemera mwachibadwa, wa mowa wochepa, wonunkhira apozi. Achingerezi amati keeving. Ndipo n'zoona kuti yisiti wodyetsedwa mopyola amawira mwaukali, amatenthetsa chigubu, fungo labwino la chipatso n'kuuluka ndi mpweya, n'kutsala chakumwa chokakala pakhosi. Kuchulukitsa DAP kumathanso kubweretsa fungo la dzira lomwe lija, chifukwa gulu la yisiti limakula kwambiri n'kumaliza zonse nthawi imodzi.

Koma njira ya ku Normandy imadalira kuzizira kwa madigiri osapitirira 10 kwa milungu yambiri, ndipo kuno tilibe nyengo yotero. Yisiti wanjala pa kutentha kwa Okutobala sadekha ayi, amanunkha, ndipo mabakiteriya a viniga amakhala akudikira pakhomo. Maganizo anga ngoti kuno tizidyetsa, koma mosapyola: madzi osasungunula alandire yisiti wowiritsa kapena theka la mlingo wa DAP, ndipo mlingo wonse ukhale wa amene wathira shuga ndi madzi. Kenako tisankhe nyengo. Saida amawira bwino pakati pa madigiri 15 ndi 20, ndipo kuno timawapeza mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri, mvula yowaza ija ikamagwa masiku atatu osakata. Wofulula nyengo yotentha aike chigubu m'beseni la madzi pansi pasimenti, achifunditse thumba lonyowa.

Cha alamu chinali pa tsiku lachinayi, ndipo titalawa shuga anali akadali wambiri, ndiye mpata unalipo. Tinatsanulira m'ndowa yowiritsa kuchokera pamwamba kuti chithovole, fungo linadzaza nyumba mpaka mlamu wanga wamkazi anatithamangitsira pabwalo. Tinawiritsa kapaketi ka yisiti wa buledi, ndinawonjeza supuni imodzi ya DAP amene ndinali naye, tinabwezera m'chigubu n'kuchikhazika m'beseni la madzi. Mawa lake madzulo kubwata kwa m'botolo kunali kutayambiranso, fungo litachepa. Patatha milungu iwiri kuwira kunatha, tinakoka ndi paipi kusiya nsenga pansi, ndipo mu Disembala tinatsegula botolo loyamba. Linali losatsekemera, lowawasa pang'ono, lamphamvu kuposa saida wa m'sitolo. Ukalowetsa mphuno m'tambula, kumbuyo kwenikweni kunkamvekabe kafungo ka machesi ongozimitsa kumene. Alamu amati sakukamva. Ine ndimakamva.